Jacques Callot ndi Zithunzi za Nkhondo

Mmisiri wa ku Nancy

Jacques Callot anabadwa mu 1592 mumzinda wa Nancy, m'dera la Lorraine. Lero derali lili m'dziko la France. Ali mnyamata anapita ku Italy kukaphunzira luso lozokota zithunzi pa mkuwa.

Kazokotedwe kake

Ankapaka vanishi pa mkuwa wophwatalala, n'kujambulapo ndi singano. Kenako ankauviika mu asidi. Asidi ndi madzi oopsa amene amadya chitsulo. Ankadya pokhapo pamene singano yakanda, n'kusiya timizere tokumbika. Inki ikalowa m'timizeremo, mkuwawo ankaudinda papepala. Mkuwa umodzi unkatulutsa zithunzi zambirimbiri, motero uthenga unkafika kutali.

Nkhondo

Kuyambira 1618 mpaka 1648 ku Ulaya kunali nkhondo yoopsa. Mu 1633 asilikali a mfumu ya France, Louis XIII, analanda Nancy. Chaka chomwecho kunatuluka zithunzi 18 za Callot zoonetsa mazunzo a nkhondo. Asilikali akuoneka akuba m'nyumba, akutentha midzi, akupha anthu osalakwa.

Mtengo wa onyongedwa

Chithunzi chodziwika kwambiri n'cha mtengo waukulu. M'nthambi zake mukulendewera anthu 21. Ndi asilikali amene anagwidwa akuba. Wansembe wakwera pamakwerero, wanyamula mtanda pamaso pa wina amene chingwe chili kale m'khosi. Pansi, ena akuchita njuga pang'oma pomwe anzawo akufa.

Chithunzichi n'chaching'ono, sichiposa kwenikweni dzanja lanu. Nkhope za anthuwo n'zovuta kuziona. Nanga chisoni chikuchokera kuti? Chili m'thupi. Mutu wagwera pachifuwa, miyendo yangoti lende, wina wagwada. Munthu wosadziwa kuwerenga angathe kumva zonsezi popanda womufotokozera.

Mapeto a asilikali

Apa ndi pamene Callot akukhudza mtima kwambiri. M'zithunzi zina, asilikali akuonekanso atapunduka, akuyendera ndodo pakhomo la chipatala. Ena akufera m'mphepete mwa msewu akupemphetsa. Ena akuphedwa ndi alimi obwezera. Nkhondo inasautsa wakuba ndi woberedwa yemwe, ndipo Callot sanabise mbali iliyonse. M'chithunzi chomaliza, mfumu ikupereka mphatso kwa akuluakulu a nkhondo.

Callot anamwalira mu 1635, nkhondoyo isanathe. Anasiya zithunzi zoposa 1,400.