Za Liu ndi Njira Imene Liyendamo

M'chinenero chathu muli mneni mmodzi, "kumva", amene agwira ntchito zambiri: timva ng'oma, timva kuwawa, timvanso kuzizira. Mlendo wophunzira Chinyanja ayesa kuti kumeneku ndiko kusowa mau. Koma pa nkhani ya liu makolo sanalakwe, pakuti liu ndilo kunjenjemera kokhudza thupi. Mukaika njere za mpunga pa chikumba cha ng'oma ndi kuiomba, njerezo zivina. Chikumba chigwedeza mpweya woyandikana nacho, mpweyawo ugwedeza unzake, kufikira kugwedezako kulowa m'khutu. Tsono liu lifanana ndi uthenga wa maliro, umene suyenda wokha, koma mudzi upatsira mudzi unzake; pakasoweka wonyamula, uthenga uthera pomwepo.

Anzeru a ku Ulaya anatsutsana zaka zambiri ngati liu likhoza kuyenda popanda cholinyamula. M'chaka cha 1660 Robert Boyle, wokhala ku Oxford, anafalitsa zimene anaziyesa ndi pampu yopopa mpweya, imene Robert Hooke anamthandiza kupanga. Iye anapachika wotchi ndi ulusi m'kati mwa mtsuko wagalasi, nautseka ndithu. Ndipo poyamba kugunda kwa wotchiyo kunamveka bwino. Koma atapopa mpweya kuutulutsa, kugundako kunazilala kufikira sikunamvekenso, chinkana maso anaona kuti wotchi ili kuyendabe. Pamene analowetsanso mpweya, liu linabwerera. Chifukwa chake anthu amene anaponda pa mwezi m'chaka cha 1969 analankhulana pa wailesi, angakhale anaima pafupi, popeza kumeneko kulibe mpweya.

Koma mpweya suli wonyamula yekha, ndiponso suli waliwiro koposa. M'chaka cha 1808 Jean-Baptiste Biot anayesa mipope yachitsulo ya madzi ku Paris, yolumikizana utali wa mamita 951. Belu litaombedwa ku nsonga imodzi, womvera ku nsonga ina anamva kulira kawiri: koyamba kodzera m'chitsulo, kachiwiri kodzera mumpweya wa m'mpopemo. Powerengera anapeza kuti m'chitsulo liu lithamanga ngati kakhumi kuposa mumpweya.

Za madzi zinadziwika pa nyanja yozinga mtunda monga yathuyi. M'chaka cha 1826 Daniel Colladon, wothandizana ndi Charles Sturm, anaimika ngalawa ziwiri pa nyanja ya Geneva, zotalikirana makilomita oposa 13. M'ngalawa imodzi anamiza belu, nakonza kuti nyundo ikalimenya, onga uyake nthawi yomweyo. Colladon anakhala m'ngalawa inayo usiku, khutu lake pa lipenga lalitali lomizidwa m'madzi. Ndipo ataona kung'anima, anawerenga masekondi 9 ndi pang'ono, namva belulo. Potero anapeza kuti liu liyenda m'madzi mamita 1,435 pa sekondi, pamene mumpweya liyenda ngati mamita 340 okha.

Tsopano taonani za kwathu kuno ku Benga. Asodzi a m'mbali mwa nyanja ino sanamve mbiri ya Colladon, koma anadziwa kale kuti madzi anyamula liu. Potchera ukonde amenya madzi, nagogoda bwato ndi nkhafi, kuti nsomba zidzidzimuke ndi kuthawira mu ukondemo; koma wowedza ndi mbedza aletsa mwana kugogoda bwato, pakuti thabwa lipatsira madzi kugundako. Nsomba ilibe khutu lakunja, koma ili nalo la m'kati mwa mutu. Makina oyesera kuya a m'sitima atsata lamulo lomweli: atumiza liu pansi, nawerenga nthawi ya kubwerera kwake. Kumpoto kwa nyanja yathu, kumene kuya kufika ngati mamita 700, liu lipita ndi kubwerera sekondi imodzi isanathe.

Chifukwa chake, abale aphunzitsi, musaphunzitse mutu uwu pa bolodi pokha, ngati kuti nzeru yonse inadza pa sitima. Mwana akaloweza manambala osaona kanthu, aiwala msanga, ndipo choipa koposa ayamba kupeputsa atate wake msodzi. Tulukani nawo ana ku doko. Wina aike khutu ku mutu wa bwato, mnzake akande ku matako kwake ndi munga, ndipo adzazizwa kumva chimene oimirira pambali sachimva. Wina amize mutu, mnzake agundanitse miyala iwiri pansi pa madzi. Pa nyengo ya dzinja awerenge masekondi pakati pa mphezi ndi bingu: masekondi 3 ali ngati kilomita imodzi, ndipo wopalasa bwato wodziwa ichi azindikira ngati mphezi ili kuyandikira. Pambuyo pake muwauze za Boyle, Biot ndi Colladon, kuti adziwe kuti iwo anayesa ndi kuwerenga chimene agogo awo anachimva.