Kukonzanso firmware ya maseva: zomwe akuluakulu a m'maofesi a boma ayenera kudziwa

Ntchito zambiri zothandiza anthu zomwe boma limagwira masiku ano zimadalira makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, omwe amasungidwa m'nyumba zapadera zotchedwa data centre. Munthu wa m'dera la Mfumu Yaikulu Chitukula, ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Namitete m'boma la Lilongwe akafuna chiphaso chaunzika kapena chiphaso choyendera, mbiri yake imafufuzidwa m'makina omwe ali kutali ndi mudzi wake. Makinawa akaima, munthuyo amabwerera chimanjamanja ngakhale ofesi ili yotsegula ndipo ogwira ntchito alipo.

Imodzi mwa ntchito zomwe zimathandiza kuti makinawa asaime ndi kukonzanso firmware. Ntchitoyi amaigwira ndi akatswiri a zamakompyuta, koma chilolezo, nthawi ndi ndalama zake zimachokera kwa akuluakulu a maunduna ndi nthambi za boma.

Firmware ndi chiyani

Firmware ndi pulogalamu yomwe kampani yopanga makina imaika m'kati mwa chipangizo chenichenicho. Imasiyana ndi mapulogalamu monga Windows kapena Linux kaamba koti iyo ndiyo imayamba kugwira ntchito makina akangoyatsidwa. Imayendera zipangizo zonse, imalamulira mafani oziziritsa makina, imaona kayendedwe ka magetsi komanso imatsogolera madisiki osunga uthenga. Pakapezeka cholakwika kapena mpata womwe akuba angalowerepo, kampaniyo imatulutsa firmware yatsopano kuti eni makina aike m'malo mwa yakale.

Momwe maseva a blade amapangidwira

Seva ya blade ndi kompyuta yopyapyala yomwe imalowetsedwa m'bokosi lalikulu lachitsulo lotchedwa chassis, monga momwe mabuku amandandalikidwira pa shelefu. Bokosi la BladeSystem c7000, lomwe kampani ya HP inatulutsa m'chaka cha 2006, limanyamula maseva okwana 16. Chimodzimodzinso bokosi la PowerEdge M1000e la kampani ya Dell. Bokosi la UCS 5108 la kampani ya Cisco limanyamula maseva 8.

Maseva onse a m'bokosi limodzi amagawana magetsi, mafani ndi zipangizo zolumikizira ku netiweki. Izi zimapulumutsa malo ndi magetsi, koma zimatanthauzanso kuti vuto la bokosi limagwera maseva onse nthawi imodzi. M'bokosimo muli firmware ya mitundu ingapo: ya chipangizo choyang'anira bokosi lonse, chomwe a HP amachitcha Onboard Administrator pamene a Dell amachitcha CMC, ya zipangizo za netiweki, ya kachipangizo koyang'anira seva iliyonse, monga iLO kapena iDRAC, ya BIOS, komanso ya madisiki. Zonsezi zimayenera kugwirizana, ndipo kukonza chimodzi n'kusiya zinzake kungachititse kuti zisamvanenso.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza dziko la Malawi

M'chaka cha 2017 nthambi ya National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni pa ntchito yopereka ziphaso zaunzika. Mu 2020, ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba, alimi ankagula feteleza poonetsa chiphasochi, ndipo dzina la mlimi linkatsimikizidwa kudzera pa netiweki. Ndalama za boma nazo zimayendetsedwa kudzera mu ndondomeko ya pakompyuta ya IFMIS. Mu Julayi 2022 Dr Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, anatsegulira National Data Centre mu mzinda wa Blantyre, yomwe inamangidwa ndi kampani ya Huawei.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa masabata angapo. Mu Febuluwale chaka chomwecho Dr Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno ndipo ankafuna dipo, lomwe boma linakana kupereka. Nkhaniyi inaonetsa poyera kuti makina apakati akaima, maofesi onse owadalira amaimanso, ndipo ovutika amakhala ophunzira, amalonda ndi odwala ofuna chithandizo kunja.

Kuopsa kozengereza

Mu Novembala 2019 kampani ya Hewlett Packard Enterprise inachenjeza kuti madisiki ena a mtundu wa SSD omwe inagulitsa adzafa akangokwanitsa maola 32,768 akugwira ntchito, zomwe ndi zaka zitatu, masiku 270 ndi maola 8. Gwero lake linali cholakwika cha mu firmware. Kampaniyo inati disiki ikafa motero, uthenga wa m'menemo sungabwezeretsedwe. Popeza madisiki a m'makina amodzi amayatsidwa tsiku limodzi, onse akanafa pafupifupi nthawi imodzi, kuphatikizapo omwe amaikidwa kuti atchinjirize anzawo. Mankhwala ake anali firmware yatsopano yotchedwa HPD8, yomwe inkayenera kuikidwa maolawo asanakwane.

Palinso chiopsezo cha akuba. Mu 2017 kunapezeka mpata mu iLO 4 womwe unkalola munthu wakutali kulowa m'seva popanda nambala yachinsinsi. Kampaniyo inatseka mpatawu, koma makina omwe eni ake sanaikemo firmware yatsopano anakhalabe pambalambanda. Wakuba akalowa pa mlingo umenewu, mapulogalamu wamba olimbana ndi mavairasi samuona.

Kuopsa kopupuluma

Kuthamangira firmware yatsopano nakonso kuli ndi mavuto ake. Mu Januwale 2018, zolakwika za Spectre ndi Meltdown zitaululika, kampani ya Intel inatulutsa zokonzera zomwe zinachititsa makina ena kumadzizimitsa ndi kudziyatsa okha. Mwezi womwewo kampaniyo inapempha makasitomala ake kuti ayambe aleka kuziika kufikira itatulutsa zina. N'chifukwa chake firmware yatsopano imayesedwa kaye pa seva imodzi yomwe sikusunga ntchito yofunika kwambiri.

Vuto lina ndi la magetsi. Magetsi akazima firmware ili m'kati molembedwa, chipangizocho chingakanike kuyakanso. M'dziko muno ili si vuto longoganizira: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, omwe amapanga mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko linakhala pa vuto la kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Choncho ntchito isanayambe, mabatire a UPS ndi jenereta ziyenera kuyesedwa, ndipo mafuta okwanira ayenera kukhalapo.

Ndondomeko ya ntchitoyi

Poyamba akatswiri amalemba mndandanda wa firmware yomwe ili m'chipangizo chilichonse, ndi kuwerenga malangizo a kampani kuti adziwe mitundu yomwe imagwirizana. Makampani ena amasonkhanitsa firmware yoyesedwa pamodzi mu phukusi limodzi, monga Service Pack for ProLiant. Kenako amakopera uthenga wonse ndi makonzedwe a bokosi ndi kuzisunga kwina, komanso kutsimikiza kuti zomwe akoperazo zingabwezeretsedwe.

Kawirikawiri ntchito imayambira pa chipangizo choyang'anira bokosi. Zipangizo za netiweki zimakhala ziwiriziwiri, ndipo zimakonzedwa chimodzichimodzi kuti china chizinyamula ntchito pamene chinzake chazimitsidwa. Maseva nawo amakonzedwa imodziimodzi: ntchito za pa seva zimasamutsidwira pa inzake, firmware imaikidwa, seva imayatsidwanso ndi kuunikidwa, ndipo ntchito zimabwezeredwa. Ngati m'bokosi mulibe seva yokhala ndi malo olandira ntchito za inzake, palibe kuchitira mwina koma kuimitsa ntchitoyo kwa maola angapo. Pomaliza pamalembedwa lipoti losonyeza zomwe zasinthidwa, tsiku lake ndi yemwe wagwira ntchitoyo.

Udindo wa akuluakulu

Choyamba ndi kusankha nthawi. Kumapeto kwa mwezi, pamene malipiro a ogwira ntchito m'boma akukonzedwa, si nthawi yabwino. Chimodzimodzinso kumapeto kwa Malichi, pamene chaka cha zachuma cha boma chimatha, komanso miyezi ya Okutobala mpaka Disembala pamene alimi amakhala pa kalikiliki wogula feteleza ndi mbewu. Tsiku likasankhidwa, maofesi a m'maboma ndi mafumu ayenera kudziwitsidwa msanga, kuti munthu wa ku Nambuma kapena ku Mpingu asaononge ndalama zoyendera pa tsiku lomwe makina azimitsidwa.

Chachiwiri ndi ndalama. Mu Febuluwale 2014 kampani ya HP inayamba kupereka firmware ina ya maseva a ProLiant kwa okhawo omwe waranti kapena mgwirizano wawo wa chisamaliro unali usanathe. Izi zikusonyeza kuti mtengo wa seva suthera pa tsiku logula. Makina omwe agulidwa ndi thandizo la mabungwe akunja amafunikabe ndalama za chisamaliro mu bajeti ya nthambi pulojekiti ikatha, ndipo makina omwe kampani yaleka kuwatulutsira firmware amayenera kulowedwa m'malo.

Chachitatu ndi umwini. Mgwirizano ndi kampani yogulitsa makina uyenera kunena momveka bwino yemwe adzikonza firmware, ndipo nambala zachinsinsi za chipangizo choyang'anira bokosi ziyenera kukhala m'manja mwa ogwira ntchito m'boma. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linakhazikitsa Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti izithandiza pa ziopsezo za pa intaneti, pamene lamulo la Data Protection la 2024 limalamula osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza.

Mkulu wa nthambi sayenera kukhala katswiri wa zamakompyuta kuti akwaniritse udindowu. Chofunika n'chakuti azifunsa ogwira ntchito ake tsiku lomwe firmware inakonzedwa komaliza, tsiku lomwe mgwirizano wa chisamaliro udzathe, komanso ngati uthenga wosungidwa kwina unayesedwapo kubwezeretsedwa, ndipo mayankho ake azilembedwa mu malipoti a nthambi.