Mphepo ya ku Bantry Ikadaleka

M'mwezi wa Disembala 1796, zombo zankhondo 43 zidanyamuka padoko la Brest ku France zitasenza asilikali pafupifupi 14,000. Ulendowo udali wopita ku Ireland, chilumba chimene panthaŵiyo chidali m'manja mwa Angerezi. Amene adakopa Afalansa kuti achite zimenezi ndi Theobald Wolfe Tone, mmodzi mwa oyambitsa bungwe la United Irishmen ku Belfast m'chaka cha 1791. Cholinga cha bungweli chidali kugwirizanitsa Akatolika ndi Apulotesitanti kuti dziko lawo lidzilamulire lokha.

Koma nyanja idakana. Chombo cha mkulu wa asilikali, Lazare Hoche, chidasiyana ndi zinzake panjira. Zombo zina zidafika ndithu ku Bantry Bay, gombe likuwoneka poteropo, koma namondwe adawomba masiku angapo osapuma. Gululo lidabwerera m'mbuyo osaponda mtunda.

Nanga mphepoyo ikadaleka, zikadatha bwanji? Asilikali a boma m'chigawocho adali ochepa, ndipo ambiri adali osazoloŵera nkhondo. Mwina mzinda wa Cork ukadagwa m'masiku oŵerengeka. Umboni wake udadza pambuyo pake. Pa 22 Ogasiti 1798, mkulu wina wa asilikali, Humbert, adatsika ku Killala ndi anthu ongopitirira 1,000, nagonjetsa gulu lankhondo la boma ku Castlebar. Ngati ochepa otere adathamangitsa adani, kuli bwanji anthu 14,000?

Tsoka lake Humbert adafika mvula itakata. Chipanduko chidabuka m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, ndipo pa 21 Juni oukirawo adaphwanyidwa pa Vinegar Hill, ambiri atangogwira mikondo. M'mwezi wa Meyi womwewo Napoleon adatenga gulu lake lalikulu napita nalo ku Egypt. Humbert adagonja ku Ballinamuck pa 8 Seputembala. Tone adagwidwa m'mwezi wa Okutobala, namwalira m'ndende ku Dublin m'mwezi wa Novembala.

Komabe funso lili ndi mbali yachiŵiri. Afalansa akadapambana mu 1796, kodi Ireland akadakhaladi paufulu? Ku Holland, kumene adaloŵa mu 1795 ngati omasula anthu, adalamula kuti dzikolo liwalipire chuma chambiri ndi kudyetsa asilikali awo. Ireland sakadapulumuka mtolo wotere. Kuwonjezera apo, nyanja idali ya Angerezi. Mu Okutobala 1797 iwo adaphwanya zombo za ku Holland pa Camperdown. Akadatha kutseka madoko onse a Ireland, asilikali achilendowo nasoŵa onga ndi zipolopolo. Ndipo tsiku lokambirana za mtendere litafika, palibe chikadaletsa France kusinthanitsa chilumbacho ndi dera lina lomukomera. Akuluakulu adati mlendo ndi mame.

Zimene zidachitikadi n'zakuti nyumba ya malamulo ya ku Dublin idathetsedwa, ndipo pa 1 Januwale 1801 Ireland adalumikizidwa ndi Britain. Chigawo chachikulu cha chilumbacho chidadikira mpaka 1922 kuti chikhale ndi boma lakelake. Mphepo ya ku Bantry idalanda Tone mwayi waukulu kuposa wina uliwonse m'moyo wake, koma mwina idapulumutsanso anthu ake kwa mbuye wachiŵiri.