Galamafoni ndi Mbiri ya Mmisiri Wake

Nkhani yathu ya lero ikutitengera ku Salima, m'mbali mwa nyanja, ndipo ikukhudza chipangizo chimene ana ambiri a masiku ano sanachionepo: galamafoni yopukusa ndi dzanja. Makamaka tikamba za munthu amene ankaitsegula ikadwala, mmisiri wokonza uja, pakuti kuyambira kale mpaka lero eni magalamafoni sagwirizana pa za mbiri yake. Mmisiri mmodzi yemweyo wina amamutcha katswiri, wina amamutcha wowononga katundu wa eni.

Makina oyamba ojambula mawu ndi kuwabwezanso adawapanga Thomas Edison ku America m'chaka cha 1877, koma mbale yafulati imene ife tidaidziwa idachokera kwa Emile Berliner, amene adalembetsa galamafoni yake mu 1887. Kampani ya Gramophone idakhazikitsidwa ku London mu 1898, ndipo ndiyo idatchukitsa chithunzi cha galu wotchera khutu ku lipenga, pansi pake patalembedwa His Master's Voice. Galamafoni imene idafala kuno kwathu si ya lipenga lalikululo, koma ya kabokosi konyamula m'manja ngati sutikesi, monga ya HMV 102 imene idatuluka mu 1931.

Odza nayo ambiri adali amuna ochokera ku ntchito zakunja. Njanji itafika ku Salima mu 1935, obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia ankatsika sitima ndi njinga, mabulangete, makina osokera ndi kabokosi koimba kaja, ena nkupitirira nako ku Senga Bay kapena kumidzi ya njira ya ku Nkhotakota. Mbale zambiri zinkachokera ku Johannesburg, kumene Eric Gallo adayamba malonda a mbale mu 1926. Singano zinkapezeka m'masitolo a amwenye, m'tizitini tating'ono.

Kuti timvetse mkangano wake, tiyenera kusuzumira m'kati mwa kabokosiko. Muli sipuling'i yachitsulo, yaitali mamita angapo, yokulungidwa m'kang'oma kodzaza girizi. Mukapukusa mukuimangitsa, ndipo pomasuka imazunguza mbale maulendo 78 pa mphindi imodzi. Mbali imodzi ya mbale imaimba mphindi ngati zitatu. Mawu amabadwira m'mutu wa galamafoni: singano imagwedezeka m'kanjira kojambulidwa pa mbale, kugwedezekako nkufika pa kachitsulo kopyapyala, kapena pa kamwala koonekera kotchedwa mica, kamene kapanidwa pakati pa timikombero tiwiri ta mphira wofewa. Zonsezi nyengo ya kunyanja siizikomera. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumasungunula girizi, mchenga ndi fumbi nkulowamo, kenaka zonse nkuuma gwa. Mphira uja amauma nang'ambika. Mbale nayo, poti ndi ya utomoni wotchedwa shellac, ikaiwalika padzuwa imapindika.

Nanga ikafa ankaitengera kuti? Kwa wokonza njinga, kwa wokonza mawotchi pakhonde la sitolo, kapena kwa wokhoma ndowa. Anthuwa ntchitoyi adaiphunzira potsegula okha, popanda buku, ndipo zipangizo zosinthira zidali zosowa.

Tiyambe ndi sipuling'i. Kawirikawiri imaduka chakumapeto, pamene imakola. Mmisiri ankaisolola mosamala, pakuti ikapulumuka imatha kudula chala, nkuwotcha nsonga yake pa makala kuti ifewe, nkuboolanso kabowo katsopano ndi kuibwezeramo. Galamafoni inkaimbanso tsiku lomwelo. Mwini amene adali ndi ukwati Loweruka ankapita kwawo akuyamika. Koma sipuling'i yafupika, ndipo ikadukanso kachiwiri ndi kachitatu, mbale inkayamba kulefuka nyimbo isanathe, woimba nkumveka ngati wagwidwa tulo. Apa mwini wina ankati mmisiri wamubera sipuling'i yake yabwino nkumuikira yakutha. Chikayikiro chakuti "wandisinthira" ndi chakale ngati ntchito yokonza yeniyeniyo, ndipo chimakula chifukwa mwini sadaonepo m'kati mwa katundu wake.

Komabe vuto la sipuling'i ndi laling'ono, chifukwa limamveka ndi khutu. Mlandu weniweni uli m'mutu muja. Mphira akauma, galamafoni imayamba kunjenjemera mawu ngati nyenje. Pali njira ziwiri zoletsera phokosolo. Mmisiri woleza mtima amachotsa mphira wakale nkuikamo wina wofewa, ngakhale wa kapaipi ka valavu ya njinga. Wofulumira amangomangitsa tizomangira ndi kumata pomwe pakugwedera. Phokoso limatha m'njira zonse ziwiri, ndipo ena amakonda yachiwiriyo poti imatha msanga. Koma singano ya mutu woumitsidwa siitha kutsata kanjira ka nyimbo momasuka: m'malo mogwedezeka imalima. Kuwonongekako sikuoneka lero kapena mawa. Papita miyezi, mbale imayamba kutuwa, mawu nkumira m'mkokomo wonga wa mvula padenga la malata.

Mwini akabwerera kukadandaula, mmisiri ali ndi yankho, ndipo yankholo ndi loona. Singano yachitsulo idapangidwa kuti iimbe mbali imodzi ya mbale nkutayidwa. Ndani kumudzi akadataya singano pa nyimbo iliyonse? Anthu ankaibwereza mpaka kubuntha, ena nkumainola pamwala. Tsono mbale yaphedwa ndi dzanja la mmisiri kapena ndi kuumira kwa mwini? Mlandu wotere ngakhale nyakwawa singaugamule, chifukwa umboni udatha kalekale ngati ufa.

Musaganize kuti mikangano yotere ndi ya kumudzi kokha. Ku England munthu wina dzina lake E. M. Ginn adayamba mu 1923 kupanga magalamafoni apamanja a malipenga akuluakulu, otchedwa EMG potengera zilembo za dzina lake. Cha mu 1930 adasemphana ndi anzake a m'kampani, dzina lija nkutsala kwa iwo, iye nkuyamba kupanga ena otchedwa Expert. Ogula adagawikana, ndipo osunga magalamafoni akale amatsutsanabe kuti mutu woimba bwino ndi wa mbali iti. M'magazini ya The Gramophone, imene Compton Mackenzie adayambitsa mu 1923, anthu ophunzira ankakangana kwambiri za singano yachitsulo ndi ya nsungwi. Lero osunga zakalewa ali m'magulu awiri. Ena amafuna kuti chilichonse chikhale momwe chidatulukira ku fakitale, ndipo mmisiri wosintha kanthu amamuyesa wowononga mtengo wa chinthucho. Ena amati galamafoni yosaimba ndi bokosi chabe. Mantha awo akula chifukwa cha magalamafoni achinyengo a malipenga amkuwa wonyezimira, olumikizidwa ku India ndi zidutswa za makina akale, chithunzi cha galu uja chitamatidwa pamwamba. Pa muyeso wa gulu loyambalo, mmisiri wathu wa ku Salima ndi mphira wake wa njinga akadatsutsidwa asanatsegule pakamwa.

Ine ndili kumbali ya wosintha mphira. Magalamafoni adapangidwa ochuluka zedi, koma mbale za oimba athu zidali zochepa, ndipo yafufutika yafufutika. Ganizirani za mbale za a Paseli a ku Zomba, amene adaimba za Napolo wa 1946, kapena za Alick Nkhata, amene ankaimba m'Chinyanja pa wailesi ya ku Lusaka. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 zidasungidwa ku International Library of African Music, imene iye adakhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mbale ya m'bokosi la agogo ku Senga Bay ilibe woisunga wina koma mutu wa galamafoni ndi singano yake.

Ntchito ya amisiriwa idazirala pang'onopang'ono. Wailesi yotchipa yonga sefuliya idafika mu 1949, MBC idayamba mu 1964, mawailesi a Nzeru nkudzaza m'midzi, kenaka makaseti. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, boma lidaimitsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo m'zaka zomwezo amwenye adachotsedwa m'masitolo a kumidzi. Singano zidasowa.

Ngati m'nyumba mwanu mudakali galamafoni, ndipo wina waikonza, musayambe ndi mbale imene mumaikonda. Ikani singano yatsopano, muimbe mbale imene simuiwerengera, kenaka mupukute nsonga ya singanoyo pa kansalu koyera. Mukapezapo ufa wakuda wambiri, tsekani kabokosiko, mubwerere nako kwa mmisiri akatsegulenso mutu.