Zipsera za Nkhondo pa Mathiriro a Luangwa

Pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi pali boma limene kale linkachedwa Feira, koma tsopano lichedwa Luangwa. Patsidya la Luangwa pali Zumbo wa ku Mozambique, ndipo patsidya la Zambezi pali Kanyemba wa ku Zimbabwe. Madzi amenewa akhala njira ya malonda ciyambire kale, komanso akhala njira ya nkhondo.

M'mwezi wa Januwale 1856 David Livingstone anafika pamalo ano, napeza mabwinja a nyumba ya Mulungu ndi belu losweka. Patapita zaka, eni mfuti monga José do Rosário Andrade, wochedwa Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya, anakula mphamvu. Ankhondo ao Acikunda anasakaza midzi pofuna minyanga ndi akapolo. Ana a masiku amenewo anaphunzira kuthawa asanaphunzire kugwira khasu.

Nkhondo inabweranso Ian Smith atalanda ufulu wa Rhodesia m'caka ca 1965. Ankhondo omenyera ufulu wa Zimbabwe anali ndi misasa pafupi ndi Zambezi, ndipo pa 6 Marichi 1978 asilikali a Rhodesia anathira nkhondo msasa wa ZIPRA pa Kavalamanja, pamtunda ndi pa ndege zomwe. Anthu ambiri anafa, pamodzi ndi asilikali a Zambia. Eni midzi anasiya minda, mabwato ndi manda a makolo ao. Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980, koma mabomba okwiriridwa anatsala m'nthaka, ndipo Zambia inalengeza kuti yatsiriza kuwacotsa m'caka ca 2009.

Pali bomba lina limene asilikali sangalikumbe, ndilo mantha otsalira mumtima. Madokotala a ku America analemba nthenda imeneyi m'buku lao m'caka ca 1980, ataona mabvuto a asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Wogwidwa nayo alota zimene anaona, adzidzimuka citseko cikamenyeka, apsa mtima msanga, ndipo apewa malo ndi nkhani zomkumbutsa tsokalo. Si onse oona nkhondo amene aidwala, koma ena akhala nayo zaka zambiri.

Nthendayi siikhala mwa munthu mmodzi yekha. Bambo wosapeza tulo afuna mpumulo ku kacasu, ndipo ndalama za pakhomo zithera komweko. Mai wosweka mtima aphikira ana ace nsima, koma alephera kuseka nao. Mwana wamng'ono sadziwa kukula kwa ngozi. Ayang'ana nkhope ya amace, ndipo akaona mantha, iyenso aopa. Motero ana ena ayambanso kukodza pamphasa, ena aleka kulankhula, ena akhala m'sukulu maso kwa mphunzitsi koma makutu kumwamba. Ngakhale mwana wobadwa nkhondo itatha atengera mantha a kholo lace, pakuti aona kunjenjemera koma sauzidwa cifukwa cace.

Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi. Comanga mudzi ndico kubwerera kwa anthu ku minda, ana ku sukulu, ndi kulira akufa pamodzi. Cifukwa cace mwambo wokumbukira akufa, umene ucitika pa Kavalamanja m'mwezi wa Marichi, uli ndi nchito yaikuru: zimene munthu ankasenza yekha usiku zinenedwa poyera masana. Amene mantha awapitirira angathandizidwe ku cipatala, monga ca Chainama ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 1962, pakuti nthendayi si ufiti, ndipo ili ndi cithandizo cace.

Tsono mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu akaona agogo ace akugwa nkhope ndege ikamalira, asawaseke. Akhale nao pansi, awafunse mwaulemu, ndipo ngati safuna kulankhula tsiku limenelo, awadikire.