GHARIOKWU, Lemi

Mmisiri wojambula zithunzi wa ku Nigeria, wobadwira mumzinda wa Lagos m'chaka cha 1955, amene luso lake sanaliphunzire pasukulu ya zojambula, koma analikulitsa yekha mwa khama ndi kupenyetsetsa. M'chaka cha 1974 anakumana ndi woyimba Fela Kuti, namjambulira chikuto cha chimbale chotchedwa Alagbon Close. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, zimene Fela anadzudzula ndi mawu ndi lipenga, Ghariokwu anazionetsa ndi utoto pa zikuto 26, kotero kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga, atangogwira chimbale m'manja, ankazindikira amene akuimbidwa mlandu.

Chikuto choyenera kukumbukiridwa koposa kwathu kuno n'cha Beasts of No Nation, cha 1989, pamene anajambula atsogoleri a mayiko, pakati pawo Margaret Thatcher, Ronald Reagan ndi P. W. Botha, ali ndi maonekedwe a zilombo. Anthu a ku Mecanhelas ku Mozambique, amene m'zaka zomwezo ankathawa nkhondo kudutsa ku Entre Lagos ndi m'madambo a nyanja za Chiuta ndi Chilwa kukabisala ku Malawi, sasowa wowamasulira chithunzicho, pakuti boma la Botha ndilo linkathandiza gulu la Renamo ndi zida pa nkhondoyo.

Pambuyo pake anajambulira oyimba ena ambiri, ndipo mu 2003 ntchito zake zinaonetsedwa ku New Museum, mumzinda wa New York, pa chionetsero chokumbukira Fela, amene anamwalira mu 1997.