Phulusa la Mumandida

Munthu wa ku Dedza akamva kuti ku Ngabu kumazizira amaseka chikhakhali. Aseke, poti iye amangodziwa za Okutobala, dzuwa la kuchigwa likamapitirira madigiri 40. Koma adzagone kuno mu Juni kapena Julayi, chiperoni atabwera ndi kamvula kake kowaza kuchokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, nkhungu itakuta Shire m'mamawa. Thupi lozolowera kutentha silichedwa kunjenjemera, ndiye kuli bwanji galu wathu wa ubweya waufupi ndi nthiti zowerengeka?

Agogo anga aamuna anali ndi agalu anayi. Iwo, pokhala Asena, galu ankamutcha mwanambwa, ndipo mayina a agalu awo onse anali mikuluwiko yolasa anansi. Wamkulu anali Mumandida. Akamuitana mokweza madzulo, a nyumba ya kuseri ankadziwa kuti uthenga ndi wawo.

Khola la galu kunalibe. Chofunda chake chinali phulusa. Madzulo tinkasonkha moto pabwalo ndi chikuni cha tsanya, mtengo wouma gwa umene umanyeka pang'onopang'ono n'kusunga makala mpaka tambala woyamba. Ife tikalowa m'nyumba, agogo aakazi ankakankhira makala mbali imodzi ndi kamtengo, kusiya phulusa lofunda. Mumandida ankabwera, kuzungulira katatu, kufukula kadzenje ndi miyendo yakutsogolo, n'kudzipinda mphuno kumchira. M'mawa ankadzuka ali mbuu ngati wagwera mu ufa. Pantchafu pake panali chipsera chosamera ubweya, cha tsiku limene agogo anaiwala khala limodzi. Akuluakulu ankati phulusalo limathamangitsanso utitiri. Ine ndimakayika, chifukwa ndikukumbukira mmene tinkadzikandira tikakhala pamalopo. Tiana ta agalu tobadwa m'chisanu tokha ndi timene tinkaloledwa kukhitchini, pa chiguduli, chifupi ndi mafuwa.

Malo apamotowo galu ankachita kuwagwirira ntchito. Chisanu ndi nthawi ya madimba, madzi osefukira akaphwa, ndipo chimanga ndi mbatata za kudimba zimafuna mlonda wa anyani masana ndi nguluwe usiku. Udzu ukauma kunkabwera uzimba. Amuna a midzi ingapo ankatuluka ndi mikondo, zibonga ndi agalu, ndipo nyama ikagwa matumbo anali a galu. Masiku ena ankadya mkute wa nsima ya mapira, gaga wophika ndi mitu ya mlamba. Galu wolowa m'chisanu atakhuta sankafa nacho.

Tchire lija linayamba kutsekeka kalekale. Atsamunda anapatula Lengwe mu 1928 pofuna kuteteza nyala, kenako Mwabvi mu 1953 ndi Majete mu 1955. M'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe inatsegulidwa ku Nchalo, mu 1970 Lengwe inakhala paki, ndipo bungwe la African Parks litatenga Majete mu 2003 linazungulizako mpanda wa magetsi. Sindikudandaula ayi; akanatisiya, lero nyala tikanangomumva m'nthano. Koma mlenje wa miyendo inayi uja ntchito inamuthera pamenepo. Boma linkamukumbukira pakabuka chiwewe basi: lamulo loti agalu onse amangidwe likalengezedwa, wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Katemera waulere wofika khomo ndi khomo, wonga amene a Mission Rabies anayamba ku Blantyre mu 2015, ndi nkhani ya dzulodzuloli.

Chimene chinamulanda galu chofunda, komabe, ndi makala. Tsanya uja ndiye amene amakwera chitunda cha ku Thabwa m'matumba, pa njinga zokankha, kupita ku Blantyre. Nkhuni zinasowa, moto wa pabwalo unazima, ndipo amene ali ndi mbaula amainyamula kulowa nayo m'nyumba chakudya chikapsa. Panja pamatsala dothi lozizira.

Julayi wathayu ndinakagona kumudzi. Pakati pa usiku ndinamva kagalu kakulira, ndipo nditatuluka ndi tochi ndinakapeza kakufukula pansi pafupi ndi khitchini, pouma popanda phulusa n'pang'ono pomwe. M'mawa ndinadandaulira mlongo wanga. Sanandiyankhe, koma mwana wake wa Sitandade 5 anakoka tayala lakale kuseri kwa nyumba, kuliika pakhonde mbali yosawomba mphepo, n'kuyalamo thumba la feteleza ndi juzi yake yong'ambika.

"Amalume, kagona?" anandifunsa madzulo ake.

Kanali katazungulira katatu n'kudzipinda.